Juwisi ndi Thanzi Lathu: Zimene Zimatsalira pa Sefa

Nkhani yophunzitsa imene inakambidwa kwa anthu a ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre

 Ena mwa inu mwatsetsereka kuchokera m'mphepete mwa phiri, ena mwachokera ku Namiyango ndi ku Ntopwa, ena mwasiyira mnzanu benchi pamsika. Ndiye ndisazungulire.

Juwisi watchuka masiku ano. Amene ali ndi magetsi agula bulenda. Amene alibe akufinya ndi manja n'kusefa pa kansalu kapena pa sefa ya tiyi. Pa WhatsApp ndi pa Facebook mauthenga sakutha: pera karoti, bitiruti, jinja ndi ndimu, umwe m'mamawa usanalawe kanthu, shuga atha, BP itsika, magazi achuluka, m'thupi muyera. Ena afika posiya nsima sabata yathunthu n'kumangomwa madzi a zipatso, ati akutsuka m'thupi. Chimene ndabwera kudzanena n'chachifupi, ngakhale kuchifotokoza kutenga kanthawi. Juwisi ndi chakumwa, ndipo akapangidwa mwaukhondo n'kumwedwa pang'ono, ndi chakumwa chabwino. Koma saposa chipatso chimene wachokerako, ndipo si mankhwala.

Ndiyambe ndi kuikira kumbuyo zipatso, kuopa kuti wina angatuluke muno n'kukauza anzake kuti achipatala aletsa mango. Vuto lathu ku Malawi kuno si kudya zipatso mopyola muyeso ayi, koma kusadya kumene. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba tsiku lililonse. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti Amalawi oposa 9 mwa 10 alionse sankafika pa muyeso umenewu. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Ku sikelo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, awiri mwa iwo ndi zipatso ndi zamasamba, koma mbale zathu zimanena zina: nsima yambiri, kandiwo ka pambali, chipatso mwa apo ndi apo.

Chimandiwawa mtima n'chakuti ife a ku Bangwe tili pa njira ya zipatso. Msewu wa Midima umatilumikiza ndi Mulanje, kwawo kwa zinanazi ndi mapeyala. Nthochi za ku Thyolo zimatsitsidwa mu Limbe momu. Nyengo yozizira ikafika, manachesi a ku Mwanza amadzaza madengu. M'chilimwe kumabwera malambe, bwemba ndi masau. Mvula ikamayandikira, masuku ndi mango. Gwafa amene ana amagenda m'mitengo ya m'makomo mwathu ali ndi vitamini C wochuluka pafupifupi kanayi kuposa lalanje mukayeza pa kulemera kofanana. Choncho aliyense amene wayamba kukonda juwisi chifukwa chofuna zipatso m'thupi mwake, maganizo ake ndi abwino ndipo ndikumuyamikira. Funso ndi la njira basi: kodi chipatso chikadutsa pa sefa, chimene chafika m'kapu ndi chiyani, nanga chimene chatsala ndi chiyani?

Chipatso chili ndi madzi, shuga wachilengedwe, mavitamini ndi michere ina. Chilinso ndi tiulusi, timakungu ndi zigamphu zimene thupi siligaya, zimene a zaumoyo amati faiba. Shuga wa m'chipatso amakhala wotsekeredwa m'kati mwa faiba ameneyu. Mukamatafuna, mano amayamba kumasula pang'ono, m'mimba mupitiriza, matumbo amalize. Shuga amalowa m'magazi mwapang'onopang'ono, thupi likutha kumulandira. Mukafinya n'kusefa, ntchito yonseyo mwaichotsa. Madzi ndi shuga zalowa m'kapu, faiba watsala pa sefa, ndipo mumakamutaya kudzala. Amayi, izi mukuzidziwa kale kuchokera ku chigayo. Chimanga chikakonoledwa, madeya amapita ku nkhuku, ife n'kutsala ndi ufa woyera wosalala pakhosi koma wosakhalitsa m'mimba. Mgaiwa ndi wokhakhala, koma ndi umene umagwira pamimba mpaka madzulo. Juwisi wosefa ndiye ufa woyera wa chipatso.

Izi anaziyesa kalekale. Mu 1977, madokotala a ku Bristol ku England anapatsa anthu 10 maapozi m'njira zitatu: athunthu, opera osasefa, ndi ofinya n'kusefa, shuga wake ali wofanana m'njira zonsezo. Juwisi anamwedwa mofulumira maulendo 11 kuposa mmene maapozi athunthu anadyedwera. Omwa juwisi sanakhute ngati otafuna. Insulini, chinthu chimene thupi limatulutsa kuti chichotse shuga m'magazi, anakwera kwambiri mwa omwa juwisi, ndipo patapita kanthawi shuga wawo anatsika kupyola pamene anayambira. Kutsika kumeneko ndi kumene kumabweretsa njala ya msanga. Kafukufuku ameneyu anali wa anthu ochepa, koma aliyense wa ife angadziyese yekha. Kuti mudzaze tambula imodzi pamafunika malalanje atatu kapena kuposa. Ndi angati muno amene amakhala pansi n'kusenda malalanje atatu, kutafuna onse nthawi imodzi? Koma kumwa tambula, mphindi imodzi siikwana, ndipo mumatha kuthiranso ina.

Faiba wotayidwayo ali ndi ntchito zake zina. Amafewetsa chimbudzi, munthu osadzimbidwa. Amadyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo. Amathandiza kuchepetsa mafuta oipa m'magazi. WHO imati munthu wamkulu azipeza magalamu osachepera 25 a faiba patsiku. Dokotala amene anatchukitsa nkhani ya faiba padziko lonse, Denis Burkitt, anaiphunzira kuno ku Africa. Anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, ndipo anaona kuti anthu akumudzi, odya nyemba, masamba ndi ufa wosakonola, sankadwaladwala matenda a m'matumbo amene anali ofala ku Ulaya. Anabwerera kwawo kukauza azungu anzake kuti adye ngati anthu akumudzi a kuno. Lero ife tikugula makina ochotsera chinthu chomwecho chimene iye anatisirira nacho.

Tsopano tiwerenge shuga. Tambula ya mamililita 250 ya juwisi wa malalanje, wosathira kanthu, imakhala ndi magalamu oposa 20 a shuga, ndiye kuti timasupuni ta tiyi pafupifupi 5. Zakumwa za m'mabotolo zija timati zoziziritsa kukhosi sizisiyana nazo kwambiri pa kuchuluka kwa shuga. Mu 2015 WHO inatulutsa malangizo akuti shuga wosatsekeredwa m'chakudya asapyole gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amadya patsiku, omwe ndi pafupifupi timasupuni 12, ndipo kuti zingakhale bwino koposa kutsika kufika pa timasupuni 6. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa mndandanda wa shuga woyenera kuchepetsayo, WHO inaikapo shuga wa m'paketi, uchi, ndiponso juwisi wa zipatso. Shuga wa m'chipatso chathunthu sanaikidwepo. Ndiye taganizani za tsiku la munthu wa kuno kwathu: tiyi wa m'mamawa timasupuni titatu kapena tinayi, phala la shuga, thobwa masana, kenako tambula ya juwisi wa mango amene wathiridwanso shuga "kuti akome". Muyeso wa tsiku wapyoledwa dzuwa lisanapendeke.

Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard anatsatira anthu oposa 187,000 kwa zaka zambiri, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013. Anthu amene ankadya zipatso zathunthu kawirikawiri ankadwala matenda a shuga mocheperapo. Amene ankamwa juwisi kawirikawiri ankadwala mochulukirapo. Kusiyanako sikunali kwakukulu koopsa, ndipo kafukufuku wa mtundu umenewu amangosonyeza kumene zinthu zalowera. Sindikunena kuti tambula imodzi ikudwalitsani. Koma kumbukirani kumene ife tikuchokera. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe, wosindikizidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali onenepa kupyola muyeso woyenera. Kwathu kuno kunenepa timakuyesa chizindikiro cha mtendere, ndipo mayi akanenepa timati banja lamuyanja. Koma ku kiliniki ya shuga ndi BP ku chipatala cha Queens mzere ukutalika. Thupi limene likulimbana kale ndi kunenepa silifunika shuga wakumwa, ngakhale atachokera mu mtengo.

Pano ndiikepo mawu pa za m'sitolo. Si botolo lililonse lojambulidwa chipatso limene muli chipatso. Zambiri ndi madzi, shuga, utoto ndi fungo, chipatso chikhalamo pang'ono kapena osakhalamo. Tembenuzani botolo, muwerenge zolembedwa kumbuyo: chimene chalembedwa poyamba ndicho chachuluka. Muonenso ngati pali chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi tsiku lothera ntchito.

Nkhani ya ana ndi imene ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene chikondi chimatilakwitsa. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwitsidwe mwakathithi: osati madzi, osati tiyi, osati madzi a lalanje. Bungwe la madokotala a ana la ku America linanena mu 2017 kuti mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe juwisi n'komwe, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zitatu asapyole mamililita 120 patsiku, omwe ndi theka la tambula. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kamimba ka mwana n'kakang'ono. Kakadzaza madzi otsekemera, phala la nsinjiro alikana, nyemba azikana, dzira alikana, mayi n'kumadandaula kuti mwana alibe chilakolako cha chakudya. M'dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi okwinimbira, malo a m'kamimba kameneko ndi osafunika kuwaononga. Mwana wa miyezi 7 mupotereni nthochi, papaya kapena peyala ndi supuni, adye zonse.

Palinso mano. Juwisi ali ndi shuga komanso asidi, makamaka wa malalanje, mandimu, chinanazi, bwemba ndi malambe. Mwana akamayenda ndi kabotolo n'kumapsontha tsiku lonse, mano ake amakhala ali m'madzi owadya kuyambira m'mawa mpaka usiku. Akuluakulu amene mumamwa madzi a mandimu m'mamawa uliwonse, inunso zikukhudzani. Mukamwa, chukuchani mkamwa ndi madzi, ndipo musatsuke mano nthawi yomweyo, dikirani kanthawi, chifukwa asidi amakhala atafewetsa pamwamba pa dzino. Madokotala a mano ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Sukulu yowaphunzitsa inayamba mu 2019 mommuno mu Blantyre. Dzino likaola, nthawi zambiri mathero ake ndi kuzula.

Mwana akatsegula m'mimba, musamupatse juwisi wotsekemera kapena zakumwa za m'mabotolo. Shuga wochuluka amakokera madzi m'matumbo, kutsegulako n'kuwonjezeka. Mupatseni Thanzi ORS, pitirizani kuyamwitsa, ndipo thamangani naye kuchipatala.

Izi zatifikitsa pa ukhondo, ndipo ndilankhule mwaulemu chifukwa ndikudziwa kuti muno muli amayi amene mumaphunzitsa ana ndi ndalama ya mafilizesi ndi juwisi wa malambe. Ntchito yanu ndi yolemekezeka, ndipo sindinabwere kudzaithetsa. Malambe ndi chipatso cha mtengo wapatali: ali ndi vitamini C, kashiamu ndi faiba wambiri, ndipo poti ufa wake umasungunukira m'madzi, gawo lina la faibayo limafika m'kapu. Koma juwisi saphikidwa. Nsima imadutsa pamoto, ndiwo zimadutsa pamoto, juwisi ayi. Chilichonse chimene chinali m'madzi, m'manja, pa mpeni, pa kansalu kosefera kapena m'botolo lotoledwa chimalowa m'mimba mwa womwayo chili chamoyo. Firiji siipha tizilombo, ngakhale ayisi satipha, amangotigoneka.

Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira, ndipo sikunachitikeponso mliri wa kolera waukulu chotero m'mbiri ya dziko lino. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula zimbudzi ndi mapaipi m'makwalala athu ano. Tayifodi nayenso ndi matenda a m'tauni muno; n'chifukwa chake katemera wake anayesedwa kuyambira mu 2018 pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, asanaperekedwe m'dziko lonse mu 2023. Matenda awiri onsewa amayenda m'madzi ndi m'zakudya zosaphika. Choncho madzi opangira juwisi akhale owiritsa kapena othira klorini, ngakhale mutawatunga pa kiyosiki, chifukwa chigubu ndi ndowa zimatha kuwaipitsa panjira. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani chipatso musanasende, pakuti mpeni umatenga dothi la pakhungu n'kulilowetsa m'kati. Chipatso chovunda mbali imodzi chisalowe mu bulenda pofuna kupulumutsa ndalama. Juwisi wa pakhomo amwedwe nthawi yomweyo. Akakhala pa mtetete maola oposa awiri, kapena magetsi akazima nthawi yaitali ali mu firiji, musamupatse mwana. Ndipo inu ogulitsa, yesani kuchepetsa shuga pang'onopang'ono ndi kusiya utoto. Lilime la makasitomala limazolowera, ndipo shuga amene simunathire ndi phindu lanu.

Tsopano ndifike pa gawo limene limandidetsa nkhawa koposa, la juwisi amene akutchedwa mankhwala.

Tiyambe ndi magazi. Ambiri timakhulupirira kuti chakumwa chofiira chimawonjezera magazi: bitiruti, chidede, ngakhale zakumwa zofiira za m'sitolo. Kufiira kwa bitiruti ndi utoto wachilengedwe wa chomeracho, ndipo mwa anthu ena umatulukira mu mkodzo momwemo. Magazi amapangidwa ndi ayironi pamodzi ndi michere ina, ndipo bitiruti ali ndi ayironi wochepa. Nkhaniyi si yaing'ono: kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 alionse osakwana zaka 5, ndi amayi 33 mwa 100 alionse, anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Ayironi ali mu usipa ndi matemba, m'chiwindi, mu nyama, mu nyemba, m'bonongwe. Apa m'pamene chipatso chimagwira ntchito yake yeniyeni: vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pamene tiyi amatchinga. Mukadya nsima ya nyemba, tsirizani ndi gwafa kapena nachesi, tiyi adikire. Komanso kuchepa kwa magazi kumabwera ndi malungo, njoka za m'mimba, likodzo kapena kutaya magazi, ndipo zimenezi bitiruti sangazichotse. Mayi woyembekezera amene wasiya mapiritsi a ayironi a ku sikelo chifukwa akumwa chidede waika moyo wake ndi wa mwana pachiswe.

Pa BP, chilungamo chake ndi ichi: bitiruti amathandizadi pang'ono. Akatswiri a ku Queen Mary University of London anasindikiza mu 2015 zotsatira za kafukufuku amene anthu a BP ankamwa mamililita 250 a juwisi wa bitiruti tsiku lililonse kwa masabata anayi. BP yawo inatsika ndi pafupifupi 8 pa nambala ya pamwamba ndi 4 pa ya pansi. Atasiya kumwa, inabwerera pomwe inali. Ndiye kuti munthu amene BP yake ili pa 180 sangapulumuke ndi bitiruti yekha. Imwani ngati mumamukonda, muuze adokotala anu, koma mapiritsi musasiye. Ndipo ngati mukufunadi kutsitsa BP ndi za kukhitchini, yambani ndi mchere: WHO imati usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa mu ndiwo, wa m'tchipisi ndi wa pa kanyenya.

Za kutsuka m'thupi sinditaya nazo nthawi yambiri. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira usana ndi usiku. Palibe umboni woti kumwa juwisi yekhayekha kwa masiku angapo kumachotsa poizoni wina aliyense. Sikelo imatsikadi, koma chimene chachoka kwambiri ndi madzi ndi minofu, ndipo mukayambiranso kudya thupi limabwerera. Kwa wodwala shuga, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi munthu amene ali pa mankhwala a TB kapena ma ARV, kusala kotereku n'koopsa.

Masamba aawisi nawo afuna nzeru. Makolo athu sanali opusa pamene ankasinja chigwada n'kuchiwiritsa nthawi yaitali: masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka ndi kusinja ndi moto. Chigwada chisalowe mu bulenda chachiwisi, zivute zitani. Bonongwe, sipinachi ndi masamba a bitiruti ali ndi mchere wina wotchedwa okisaleti, umene umachepa mukawiritsa n'kutaya madzi ake, koma mukapera mulu wonse wauwisi n'kumamwa tsiku ndi tsiku umatha kuunjikana mu impso. Madokotala m'maiko ena alembapo za anthu amene impso zawo zinaonongeka motere. Amene impso zawo ndi zofooka kale, monga ambiri odwala shuga ndi BP kwa nthawi yaitali, asamalenso ndi potaziyamu wochuluka wa mu juwisi, chifukwa impso zikalephera kumutulutsa amasokoneza kugunda kwa mtima. Makina osefa magazi m'zipatala za boma ndi owerengeka, ndipo amene anaonapo m'bale wake akudikira mpata ku Queens kapena ku Kamuzu Central akudziwa chimene ndikunena.

Chipatso china chimalimbana ndi mankhwala. Mu 1989 akatswiri a ku Canada anatulukira kuti madzi a manyumwa amachititsa kuti mankhwala ena achuluke m'magazi kupyola muyeso umene dokotala anafuna. Pa mankhwala otere pali nifedipine wa BP ndi simvastatin wochepetsa mafuta m'magazi, ndipo opanga mankhwala a malungo amene timawatcha LA amachenjezanso kuti musamwere pamodzi ndi madzi a manyumwa. Mankhwala mwerani madzi. Ngati pali chakumwa chimene mumamwa tsiku lililonse ngati chithandizo, kanenani poyera kuchipatala, musachite manyazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Achikulire muno mukukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa a Billy Chisupe kukamwa mchape, pokhulupirira kuti uchiza Edzi. Sindikuwaseka anthu amenewo. Nthawi imeneyo kunalibe ma ARV, maliro anali tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wosowa pogwira amagwira chilichonse. Koma Edzi sinathe ndi mchape. Imfa zinayamba kuchepa pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Ku South Africa, nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa bitiruti, adyo ndi mandimu pamene boma linkazengereza kupereka ma ARV, ndipo akatswiri a ku Harvard anawerengera kuti anthu oposa 330,000 anafa chifukwa cha kuchedwako pakati pa 2000 ndi 2005. Bitiruti, adyo ndi mandimu ndi zakudya zabwino ndithu. Zinasanduka zakupha pamene zinaikidwa pa malo a mankhwala.

Lero zomwezo zikuchitika ndi khansa ndi shuga. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho ndi khansa imene imachizika ikapezeka msanga. Mayi akaona magazi osayembekezereka, n'kutha miyezi 6 akumwa juwisi wa karoti ndi masamba amene anagula kwa munthu wa pa foni, miyezi imeneyo siibwerera. Amene amagulitsa mabotolo otere n'kumauza odwala kuti asiye mankhwala a kuchipatala akuchita choipa, ndipo tisaope kuwauza choncho, ngakhale atakhala anzathu a mumpingo. Palibe juwisi amene anatsimikizidwa kuti amachiza khansa, shuga kapena HIV.

Kodi ndiye kuti bulenda tikagulitse? Ayi. Juwisi ali ndi malo ake. Wodwala amene ali ndi zilonda mkamwa, agogo amene mano anatha, munthu amene wangochira ndipo chakudya sichikulowa, onsewa madzi a zipatso amawathandiza. Wodwala shuga amene wayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona chizungulire chifukwa shuga watsika kwambiri, theka la tambula ya juwisi lingamupulumutse, malinga ngati akutha kumeza. Kufulumira komwe kuja timadandaula nako, apa kumakhala mwayi. Ndipo kwa ife ena tonse, njira yabwino ndi kupera osasefa. Papaya, mango, nthochi, peyala, karoti, zipereni zonse n'kumwa ndi zigamphu zake zomwe, popanda kuthira shuga. Muthiremo chambiko kapena nsinjiro pang'ono, chifukwa vitamini A wa mu mango, papaya ndi karoti amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Ku Britain achipatala amalangiza kuti juwisi asapyole mamililita 150 patsiku, ndipo amwedwe pa nthawi ya chakudya. Muyeso umenewu ndi wabwino kwa ifenso: kakapu kamodzi kakang'ono. Ludzu lotsalalo, madzi.

Pempho langa kwa inu, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti: nkhaniyi mukaitule pa misonkhano yanu, chifukwa mawu anu amafika kumene ife a zaumoyo sitifika. Achinyamata, uthenga wolonjeza machiritso ukafika pa foni yanu, musautumize kwa amayi anu musanafunse alangizi a zaumoyo. Amene simunayezetsepo BP ndi shuga, pitani pa chipatala chathu cha Bangwe sabata ino mukayezetse, ndipo amene muli pa mankhwala, pitirizani kumwa monga anakuuzirani. Amayi ndi abambo, mukamadutsa pamsika madzulo ano, ndalama imene mukanagulira mwana botolo la zotsekemera mugulire chipatso chimene chili pa nyengo yake, mukachitsuke ndi madzi abwino, mumupatse atafune.